Zolankhulidwa Pambuyo pa Ameni

Pa koleji yophunzitsa atumiki a Mulungu imene inali kuseri kwa depoti ya basi, panalibe amene ankawaitana mlembi ndi dzina lawo la ubatizo. Aliyense ankangoti a Ndime. Dzinalo anadziputira okha ndi pakamwa pawo. Ukapita ku ofesi kwawo kukapempha kanthu, kaya kusintha chipinda chogona, kaya kukaona mwana wodwala pakati pa sabata, iwo ankavula magalasi, n'kukuyang'ana mwachisoni ngati wodwalayo ndi wawo, kenaka n'kukuuza nambala ya ndime ya malamulo imene ikukukaniza. Sanali munthu woipa mtima, ayi ndithu. Kungoti anali atakhala pampando umenewo zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo ambiri mwa malamulo a pakolejipo anawalemba okha ndi dzanja lawo.

Kolejiyo inali ya mipingo iwiri. Inamangidwa nthawi imene mipingoyo inkamwerana madzi. Kenaka chikondi chinazirala, koma makoma anali ataima kale ndipo panalibe wofuna kutuluka n'kusiyira mnzake makiyi. Ndiye chilichonse chinkagawidwa pakati. Mu bodi, gulu la akuluakulu loyang'anira kolejiyo, munali anthu khumi, asanu a mpingo uwu ndi asanu a mpingo uwo. Ankakumana kawiri pachaka m'chipinda cha pamwamba pa laibulale, chokhala ndi tebulo lalitali ndi wotchi yapakhoma imene a Ndime ankaikonza okha m'mawa wa msonkhano. Ankayamba naini koloko, ndipo folo koloko ikangokwana ankatseka zivute zitani, chifukwa ambiri ankachokera kutali. Mlembi ankakhala kumapeto kwa tebulo ndi buku lalikulu lachikuto chakuda, momwe ankalembamo zonse zimene bodi yagwirizana. Ntchito yake inali kulemba. Malinga ndi ndime 9, mlembi sankaloledwa kulankhula pamsonkhano pokhapokha wapampando atamupatsa mpata.

Koma ndime imene a Ndime ankainyadira koposa inali ya 14. M'zaka zoyambirira za kolejiyo, nkhani zenizeni sizinkathera patebulo. Zinkathera pamasitepe ndi pabwalo loimika galimoto. Anthu atatu akanong'onezana pafupi ndi galimoto ya wapampando, mawa lake mphunzitsi wina wachotsedwa ntchito, ndipo ukafunsa ankakuuza kuti bodi inagwirizana. A Ndime, akadali ndi tsitsi lakuda, ndiwo anabweretsa mankhwala ake. Analemba kuti chilichonse cholankhulidwa pambuyo pa pemphero lotsekera msonkhano chidzatengedwa ngati sichinalankhulidwe. Anthu akangoti Ameni, buku limatsekedwa, cholembera chimalowa m'thumba, ndipo zotsalazo ndi macheza chabe. Lamulolo linapulumutsa aphunzitsi angapo. Linagwira ntchito bwino kwa zaka zambiri, ndipo zimenezi sitingawalande.

Tsono m'kalasi yomaliza ya chaka chimenecho munali mayi wina wamasiye amene ophunzira anzake ankamutcha Mayi Wamkulu, poti ena a iwo anali a msinkhu wa ana ake. Mayiwa anakolopa m'mawodi a chipatala chachikulu cha mumzindamo zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. M'kukolopamo anaona anthu ambiri akutsirizika opanda wowagwira dzanja, ndipo anayamba kutsamiritsa chokolopera kukhoma n'kumapemphera nawo. Akuluakulu a chipatala anaona zimenezo. Anawauza kuti m'busa woyang'anira odwala akadzapuma ntchito malowo adzakhala awo, bola abwere ndi setifiketi ya kukoleji. Mayi Wamkulu anasiya ntchito yokolopa n'kubwerera pabenchi ali ndi imvi. Chigiriki chinkawaliza misozi, koma ankakhoza. Ndipo chizolowezi sichinawachoke, moti ankakolopa makonde a kolejiyo popanda wowatuma.

Vuto linali kalata. Ndime 31 inkati wophunzira sangalandire setifiketi popanda kalata yachidindo yochokera ku mpingo umene unamutumiza, yolembedwa m'chaka chomaliza. Mpingo wa Mayi Wamkulu unali waung'ono, wokumana m'holo yakale pafupi ndi njanji. Mayiwo ali m'chaka chachiwiri m'busa wawo anamwalira, nkhosa zinabalalika, ndipo m'holomo munayamba kugulitsidwa matayala. Chidindo palibe amene ankadziwa kumene chinapita. Njira zinatsala ziwiri. Bodi ikanatha kuwakhululukira kalatayo. Apo ayi, mayiwo akanalembetsa ku mpingo wina n'kukhalako miyezi isanu ndi umodzi, ndipo mpingo watsopanowo ukanawalembera. M'busa wina wapafupi anali atavomera kale kuwalandira. Koma Mayi Wamkulu zinkawawawa mumtima kusiya dzina la mpingo umene unawakhulupirira ali wokolopa, ndiye anati ayambe amva kaye za bodi. Nthawi inalipo yokwanira ndendende, chifukwa msonkhano wa bodi unali kutatsala miyezi isanu ndi umodzi ndi masiku ochepa kuti masetifiketi aperekedwe.

M'mawa wa msonkhanowo a Ndime analemba nkhaniyo pakapepala n'kupatsa wapampando, m'busa wokalamba, wansangala ndiponso woiwalaiwala. Mkuluyo anakapinda n'kukaika m'thumba la jekete, n'kulonjeza kuti aitchula pa zina ndi zina, kumapeto kwa zokambirana. Folo koloko inakwana anthu akukangana za denga la chipinda chodyera. Wina anapemphera, onse anati Ameni, a Ndime anatseka buku n'kuika cholembera m'thumba. Anthu ali m'kati motola zikwama, wapampando anapisa m'thumba kufuna makiyi a galimoto n'kupeza kapepala kaja. Anadzimenya pamphumi.

"Abale, taiwala nkhani ya mayi uja wa kuchipatala, mpingo wake unatha. Alandire setifiketi yake, si choncho?"

Onse asanu ndi anayi anagwedeza mitu movomera. Wina anati palibenso chofunsa pamenepo, wina anati mayi ameneyo akuposa abusa ambiri amene iye akuwadziwa. A Ndime anali ataima, dzanja lili pachikuto cha buku lotsekalo. Anaganizako zolitsegula, osanama. Koma Ameni anali atanenedwa, ndipo iwo ndiwo analemba ndime 14. Anadzitonthoza kuti wosaina masetifiketi ndi wapampando yemweyu, ndipo wanena yekha pamaso pa anthu onse, ndiye adzasaina basi. Potsika masitepe anapeza Mayi Wamkulu pakhonde ali ndi ndowa ndi chokolopera, akukolopa pamalo pouma kale. Maso a mayiwo anali akufunsa. Ndipo a Ndime, munthu amene sanalankhulepo kanthu buku lisanalankhule, tsiku limenelo mtima unawatsogolera.

"Zatheka, mayi. Bodi yavomera."

Mayi Wamkulu anakhala pansi pomwepo, pafupi ndi ndowa, n'kuyamba kulira mwakachetechete. Mawa lake anapita kukathokoza m'busa wapafupi uja n'kumuuza kuti asavutikenso ndi zowalembetsa. Analemberanso akuchipatala kuti setifiketi ikubwera.

Patatha miyezi iwiri, wapampando wokalamba uja anagwa m'bafa n'kufa ziwalo mbali yakumanja. Mpingo wake unatumiza m'busa wina wochokera ku mzinda wakutali kuti amalize zaka zake zotsala pa udindo wa wapampando. Ameneyu anali wachinyamata, waukhondo, wolankhula motsitsa mawu, ndipo ankadziwa bwino kuti asanu a mpingo winawo akungodikira kuti apunthwe. A Ndime anapita kukazonda wodwalayo, anatumiza makalata oitanira anthu ku msonkhano wotsatira pamodzi ndi mndandanda wa zokambirana, anakonza mayina a olandira masetifiketi. Dzina la Mayi Wamkulu linali pa nambala seveni. M'mutu mwawo nkhaniyo inali yothatha, moti pamndandanda wa zokambirana sanaiikepo.

Anadzidzimuka Lolemba, kutatsala masiku atatu kuti bodi ikumane ndi asanu kuti masetifiketi aperekedwe. Wapampando watsopano anabwera kudzasaina, ndipo sanali wosaina m'chimbulimbuli. Ankatsegula faelo ya wophunzira aliyense n'kuwerenga pepala ndi pepala. Atafika pa faelo yachisanu ndi chiwiri anafunsa kumene kuli kalata ya mpingo. A Ndime anafotokoza. Wapampando anamvetsera mwaulemu, kenaka anapempha kuti aone tsamba la m'buku pamene bodi inavomera. A Ndime anavula magalasi, n'kuwavalanso. Kwa nthawi yoyamba pa moyo wawo anamva mmene zimamvekera kukhala tsidya lina la tebulo lawo lomwe. Wapampando anaika setifiketiyo pambali osaisaina. Anati iye alibe chifukwa ndi mayiwo, koma mndandanda unapita kale, ndiye nkhaniyo ilowe pa zina ndi zina Lachinayi.

Madzulo a tsikulo, dzuwa lisanalowe, a Ndime anakwera basi kupita kwa wapampando wakale. Sankadziwa bwinobwino chimene ankakafuna, chifukwa ngakhale mkuluyo akanalemba kalata, kalatayo sikanakhala bodi. Anamupeza pakhonde, pampando wamatayala, mwana wake wamkazi akumupukuta pakamwa ndi kansalu. A Ndime anakhala pafupi n'kukumbutsa za kapepala ka m'thumba la jekete. Maso a mkuluyo anaonetsa kuti akukumbukira zonse. Anayesa kulankhula, mlomo unapotoka, panatuluka kaphokoso kosamveka, ndipo misozi inayenderera mbali imodzi yokha. Mwana wake anapempha kuti asamutopetse. A Ndime anabwerera ataimirira m'basi yodzaza, atapanidwa pakati pa thumba la makala ndi chitseko.

Kunyumba akazi awo anamva nkhani yonse ali pamakina osokera, osaimitsa phazi. A Ndime atamaliza, akazi awowo anadula ulusi ndi mano n'kunena kuti iwo sakuona chovuta. Msonkhano uliwonse umayamba ndi kuwerenga zimene zinalembedwa pa msonkhano wapita, ndipo wapampando amafunsa ngati pali chokonza. Zimenezi ankazidziwa chifukwa anazimva zaka makumi awiri ndi zitatu patebulo lodyera.

"Akafunsa, inu mungoti munaiwala kulemba mzere umodzi, abambo. Ndani angakutsutseni? Onse aja anagwedeza mitu."

"Sindinaiwale, mayi. Anali atanena Ameni."

"Ameniyo ali ndi mwana wodyetsa? Ali ndi ntchito yomudikira kuchipatala?"

A Ndime anati likakhala bodza laling'ono lero, mawa wina adzabwera ndi zake za pamasitepe n'kuti nazonso zinaiwalika, ndipo bukulo lidzasanduka chiguduli. Akazi awo anati chiguduli chimapukutako misozi, buku lawolo silinapukutepo kanthu. Anapondanso makinawo mwamphamvu kuposa mmene nsaluyo inkafunira.

Lachinayi kunacha ndi mvula yamvumbi. Akuluakulu analowa ndi nsapato zamatope, anapachika majekete kumipando, anapemphera, ndipo a Ndime anawerenga zolembedwa za msonkhano wapita ndi mawu awo osakwera osatsika. Anafika pa mzere womaliza wonena kuti msonkhano unatsekedwa ndi pemphero. Wapampando anadzutsa mutu n'kufunsa ngati pali chokonza kapena chimene chinasiyidwa.

A Ndime anayang'ana anthu asanu ndi anayi aja mmodzimmodzi. Ankayembekeza kuti wina akumbuka n'kunena, kuti bodzalo likakhala bodza lisakhale lawo. Mmodzi ankapukuta magalasi. Wina ankafunafuna tsamba. Mayi amene ananena kuti palibenso chofunsa ankathira shuga mu tiyi. Funsolo linali la aliyense, ngakhale mlembi akanatha kuyankha, ndipo mawu a akazi awo anali okonzeka kale pa lilime. Anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Wapampando anati popeza palibe chokonza, zolembedwazo zavomerezedwa, ndipo anasaina pansi pa tsambalo. A Ndime anadziuza kuti mpata ukadalipo pa zina ndi zina, ndipo njira imeneyo ndiyo yoongoka.

Koma anthu ophunzira, abale inu! Nkhani yachinayi pamndandanda inali ya chikwangwani chatsopano cha pageti, chakalecho chitadyedwa ndi dzimbiri. Funso linali lakuti dzina la mpingo uti likhale pamwamba. Inayamba leveni koloko. A mpingo uwu anati pachikwangwani chakale iwo ndiwo anali pamwamba. A mpingo uwo anati n'chifukwa chake tsopano ikhale nthawi yawo. Wina anati alembe moyandikana, ndipo panabuka funso lakuti kumanzere akhala ndani, popeza maso amayambira kumanzere. Wina anawerenga vesi lonena za oyamba ndi omaliza, mnzake anamuyankha ndi vesi lina. Anapita kukadya akukangana, anabwerako akukangana. A Ndime ankalemba zonsezo, dzanja likuyenda lokha, maso ali pawotchi imene anaikonza okha m'mawa. Wani koloko. Hafu pasiti thu. Inafika fili koloko asanagwirizane, ndipo pomaliza anasankha komiti ya anthu anayi, awiri uku awiri uko, kuti ikaunike nkhaniyo. Zotsalazo anazithamangitsa ngati mbuzi. Atafika pa zina ndi zina, wotchi inali itatsala ndi mphindi zitatu.

Wapampando anayang'ana wotchiyo, n'kuyang'ana mvula pawindo. Anati nthawi yatha, ena ali ndi ulendo wautali ndipo misewu yaterera, choncho zina ndi zina zidikire msonkhano wotsatira. Kaya anaiwala, kaya sanafune kuti pa msonkhano wake woyamba aoneke ngati wobweretsa nkhani zolowera pawindo, palibe akudziwa. A Ndime anakweza chala pang'ono, koma mlembi sakweza chala, ndipo palibe anachiona. Kenaka wapampando anatembenukira kumapeto kwa tebulo.

"A mlembi, mwakhala chete tsiku lonse. Titsekereni ndi pemphero."

Anthu anaweramitsa mitu. A Ndime anaimirira. Anazindikira kuti apatsidwa mpata wolankhula, ndipo malinga ndi ndime yawo yomwe, msonkhano unali usanathe mpaka Ameni atanenedwa. Anayamba monga mwa nthawi zonse, kuthokoza chifukwa cha maulendo abwino ndi nzeru za atsogoleri. Kenaka mawu awo anasintha. Anauza Mulungu za mayi wokolopa m'mawodi, za holo yogulitsiramo matayala, za chidindo chotayika, za ndime 31 ndi mphamvu imene bodi ili nayo yokhululuka. Anafotokoza za kapepala ka m'thumba la jekete ndi mitu isanu ndi inayi imene inagwedezeka. Anaulula kuti iwo eni anauza mayiwo kuti zatheka pomwe m'buku munalibe kanthu, ndipo chifukwa cha mawu awowo mayiwo anasiya njira ina imene ikanawapulumutsa. Ananenanso kuti chipatala chikudikira mpaka kumapeto kwa mwezi uno basi. Folo koloko inadutsa. Panalibe amene anamvapo a Ndime akulankhula motalika chonchi.

"Ambuye, msonkhano uno sunathe," anatero a Ndime. "Buku likadali lotsegula. Ngati pali mmodzi mwa atumiki anu pano amene angapereke ganizo lakuti mayiyu alandire setifiketi yake, ndi wina womuvomereza, atsegulireni pakamwa tsopano lino. Ine ndidikira."

Ndipo anakhala chete, maso ali otseka, cholembera chili m'dzanja.

M'chipindamo munangomveka wotchi ndi madzi otsika m'paipi ya kudenga. Mpando wina unalira. Wina anatsokomola. Onse anali atamva, ndipo onse anali ogwirizana nazo. Koma awa anali abusa ndi akulu a mipingo, anthu amene kuyambira ali ana anaphunzitsidwa kuti munthu akamapemphera sumudula mawu, sutsegula maso, sulowetsapo nkhani za msonkhano. Aliyense ankadikira kuti ayambe mnzake, makamaka wa mpingo winawo, kuti mawa zisadzamveke kuti iye ndiye anasandutsa pemphero kukhala bwalo. Kachetechete uja anatalika mpaka anayamba kuchititsa manyazi. Panja dalaivala wa wina analiza hutala kawiri. Pamenepo wapampando, mofatsa, ngati munthu wothandiza mkulu amene wasochera pakati pa pemphero, ananena motsitsa mawu:

"Ameni."

"Ameni," onse anayankha, ndipo ena anapumira m'mwamba.

A Ndime anatsegula maso. Anayang'ana buku, n'kulitseka, n'kuika cholembera m'thumba. Dzanja linachita zimenezo lokha.

Pamasitepe ndi pamene anthu anapeza pakamwa. Mmodzi anawagwira dzanja ndi manja awiri n'kunena kuti pemphero lotere sanalimvepo, lamugwira mtima. Mayi wothira shuga mu tiyi uja anali akupukuta m'maso, akuti iye akukumbukira bwinobwino tsiku lija ndipo mayiyo ayenera kulandira basi. Wina anati akanakhala wapampando akanasaina lero lomwe. Pofika pabwalo loimika galimoto, a Ndime anali atawerenga anthu asanu ndi anayi ovomera, asanu a mpingo uwo ndi anayi a mpingo uwu, chinthu chimene sichinachitikepo patebulo lija chiyambire. Anathamangira wapampando, amene anali atatsegula kale ambulera, n'kumuuza kuti onse agwirizana, setifiketi ili mu ofesi, kusaina sikutenga mphindi.

"Inenso ndikugwirizana nazo ndi mtima wonse," anatero wapampando. "Koma inuyo a mlembi mungandilole? Ndionetseni ndime yake, ndisaina pompano."

A Ndime anaima pamvulapo. Ankadziwa malamulo onse pamtima, kuyambira ndime yoyamba mpaka yomaliza, ndipo anawayendamo msangamsanga ngati munthu wofunafuna makiyi m'matumba. Munalibe. Anali atatseka mipata yonse okha, bwinobwino, zaka zambiri zapitazo. Wapampando anawagwira paphewa n'kulonjeza kuti pa msonkhano wotsatira nkhaniyi idzakhala yoyamba, pamwamba penipeni. Msonkhano wotsatirawo unali patsogolo ndi miyezi isanu ndi umodzi. Galimoto zinatuluka pageti lopanda chikwangwani imodziimodzi.

Lachisanu m'mawa a Ndime anali mu ofesi akukopera bwino zolembedwa za dzulo. Nkhani ya chikwangwani inadya masamba anayi. Kubwalo ophunzira ankandandalika mipando ya mwambo wa mawa, akuseka ndi kuyesana zipewa. Wina anagogoda. Anali Mayi Wamkulu, atanyamula mkanjo wakuda wa tsiku lolandira setifiketi, wositidwa bwino n'kupindidwa kanayi. Nkhani inali itawapeza kale, poti pakoleji khoma lililonse lili ndi wachibale kukhitchini. Anaika mkanjowo patebulo, n'kunena kuti batani limodzi linali lolendewera ndipo alisokerera. A Ndime anawapempha kuti akhale, koma mayiwo anangoima.

Anafotokoza modekha kuti apita kale kuchipatala m'mawa womwewo. Akumeneko amva chisoni, koma sangadikire, pali m'busa wina wachinyamata amene mapepala ake ndi okwana. Ntchito yokolopa nayonso ili ndi mwini wake tsopano. Anati odwala azikawaonabe pa nthawi ya alendo, ngati wina aliyense, mpaka belu lotulutsa anthu litalira. Sanalire. A Ndime akanakonda kuti alire kapena awatukwane.

"Ndamva kuti munandipempherera, bambo. Akuti ena mpaka analira."

"Ndinayesa, mayi."

"Pemphero limenelo mwalilemba?"

A Ndime anati mapemphero salembedwa. Anatembenuza bukulo kuti mayiwo aone okha, n'kuloza mzere womaliza umene inki yake inali isanaume. Unkati msonkhano unatsekedwa ndi pemphero la mlembi nthawi ili 4:09. Mayi Wamkulu anawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsatira mawu monga ankawerengera Chigiriki. Kenaka anabwerera m'mbuyo masamba anayi a chikwangwani, mpaka pa msonkhano wa miyezi isanu ndi umodzi yapitayo, n'kuwerenga pamenepo napo.

"Ndiye m'buku monsemu ine mulibe."

"Mulibe, mayi."

"Tsiku lija pakhonde, mukundiuza kuti zatheka, munkadziwa kuti simunalembe?"

A Ndime anavula magalasi. Panalibe nambala yoti atchule.

"Ndinkadziwa."

Mayi Wamkulu anagwedeza mutu pang'ono, ngati munthu amene dokotala wamuuza zimene anali akuziganizira kale.

"Akanandiuza wina aliyense ndikanapita kukalembetsa kwa abusa aja, kuchitira mwina," anatero. "Koma munanena ndinu a Ndime."

Anatseka bukulo mwaulemu, n'kulikankhira kwa mwini wake, n'kutuluka osamenyetsa chitseko. A Ndime anamvetsera mapazi awo pakhonde mpaka anazimiririka. Patebulo, pafupi ndi mkanjo, panali pepala la mayina amene iwo eni ankayenera kukaitana mawa pamaso pa anthu. M'mapepala onse a sabata imeneyo ndi pokhapo pamene dzina la mayiwo linalembedwa ndi dzanja lawo. Anatsegula dirowa, anatenga rula ndi cholembera chofiira, anaika rulayo pa nambala seveni n'kuiwongola bwino, chifukwa mzere wokhota sanaulembepo chibadwire.